Thobwa la Nsomba za Abambo

Abambo anga anadulidwa mu mpingo chifukwa cha nsomba. Anthu akamva amaseka, ena amati ndikunama, koma ine ndinalipo, ndipo mgolo umene unawagwetsawo ndinkautsuka ndine.

Muyambe mwamudziwa munthuyo. Abambo anali mkulu wa mpingo kwathu, kumapiri a ku Dowa chakufupi ndi Mvera, kuyambira ine ndisanabadwe. Jekete lawo lakuda linali ndi msomali wakewake pakhoma, ndipo ngakhale amayi sankalikhudza asanasambe m'manja. Tsiku la mgonero ndi iwo ankanyamula mbale ya timakapu, akuyenda pang'onopang'ono, chibwano m'mwamba, ngati anyamula mazira a eni ake. Ukulu wa mpingowo ndiwo unali chuma chawo chonse. Ng'ombe analibe, sukulu analekera panjira, koma akangotsokomola kutsogolo kwa tchalitchi ana ankasiya kutsinana.

Ndiye anali ndi mphuno. Mayo ine, mphuno ija! Mpingo wathu sufuna kumva za mowa: kumwa ayi, kufulula ayi, ngakhale kubwereketsa mbiya kwa wofulula ndi mlandu. Thobwa ndiye lololedwa, bola lisagone masiku ambiri mpaka kuyamba kuluma lilime. Abambo ankatha kumupatsa mkhristu moni n'kudziwiratu kuti thobwa la kunyumba kwake lagona masiku angati. Anthu amene anawatengera ku bwalo la akulu a mpingo ndi ambiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali mlongo wawo weniweni, bere limodzi, azakhali anga.

Azakhaliwo amuna awo anamwalira ku esiteti ya fodya n'kuwasiyira ana anayi ndi khasu lotha. Anayamba kufulula mowa kuti anawo adye ndi kuvala. Pamwambo wathu abambo ndiwo anali mwini mbumba, woyenera kuyang'anira mlongo wake ndi ana ake. M'malo mwake anavala jekete lija n'kukawanenera, azakhali n'kudulidwa. Kuyambira pamenepo, zaka zisanu ndi zinayi, awiriwa sanapatsane moni, chikhalirecho tinkakhala dambo limodzi, ife kumtunda iwo kumunsi. Ine ndinkapitako mozemba, chifukwa azakhali anali munthu wosangalatsa kuposa aliyense wa kwathu. Ankatakasa mowa akuimba nyimbo za kutchalitchi, ndime zonse osalumphako. Lamlungu la mgonero sankagulitsa mowa. Ankatseka chitseko n'kusowa, zidakwa n'kumadandaula kuti mayi ameneyu sadziwika mbali yake.

Nsomba zinabwera limodzi ndi matipate. Inali nthawi ija tinali titavota za nyali ndi tambala, kenaka boma n'kusintha, aliyense n'kuyamba kulankhula zimene akufuna, ngakhale opanda zolankhula. Ine ndinali ndalembedwa uphunzitsi wa changuchangu uja sukulu itakhala yaulere, ndikuphunzitsa ana osawerengeka pansi pa mtengo, koma ndikugonabe kwa makolo. Feteleza anakwera mtengo mpaka abambo anasiya kumutchula dzina. Apo m'pamene kunabwera mlangizi wa za nsomba, mnyamata woonda wa njinga yamoto yosowa mabuleki, n'kuuza anthu kuti amene ali ndi dambo la madzi osaphwa akhoza kuweta nsomba ngati nkhuku.

Abambo anali oyamba kukweza dzanja. Anakumba dziwe miyezi iwiri, iwo, amayi ndi ine ndikaweruka, mpaka m'manja mwanga munatuluka matuza oti choko sindinkachigwira bwino. Alangizi anabweretsa tiana ta makumba m'ndowa, tating'ono ngati chala cha kanise, n'kutiuza kuti tizithira gaga m'mawa ndi madzulo, ndi manyowa a mbuzi kuti madzi abiriwire. Abambo anapempherera dziwelo chipewa chili m'manja. Atatero anakaima m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kunena kuti anthu adzaona okha mmene ntchito ya manja a munthu wosamwa imadalitsidwira. Amayi anaweramitsa mutu. Anali atakhala nawo nthawi yaitali, ankadziwa kuti pakamwa pameneja padzativutitsa.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa yamkuntho tsiku lina, dziwe n'kusefukira. Nsomba zina zinatsata madzi kutsikira kumunsi, n'kukagwera m'dzenje limene azakhali anaumbamo njerwa kale, kuseri kwa nyumba yawo. Abambo anadziwa, koma kuti akazitenge anayenera kulankhula ndi mwini dzenje, ndiye anangoti nsomba zosamvera zipite. Azakhali sanaziitane ndipo sanazisamale. M'dzenjemo ndi mmene ankatayamo masese, zija zotsala akasefa mowa, ndi madzi otsukira mbiya. Ankazitchula kuti nsomba zothawa mpingo.

Kenaka kunabwera chisanu. Amene sanagoneko kwathu mwezi wa Juni asamanene kuti amadziwa kuzizira. Nkhungu imatsika m'mapiri n'kukhala m'dambo mpaka dzuwa litakwera, madzi n'kumaluma zala. Nsomba za abambo zinasiya kudya. Zinayamba kumera zoyera pakhungu ngati thonje, zina zilonda m'nthiti, n'kumayandama pamwamba zikuyasamula. M'mawa uliwonse abambo ankavuula zakufa ndi dengu lomangirira ku nsungwi, n'kukazikwirira kudimba mwakachetechete, galu wathu n'kumazifukula n'kukazidyera pamsewu penipeni kuti mudzi wonse uone. Anapemphera, anathiramo mchere monga ananenera alangizi, anasintha madzi. Zinkafabe.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinadzera kwa azakhali. Ndinawapeza akukhuthulira masese m'dzenje lija, ndipo madzi anachita kuwira ndi nsomba zikulimbirana. Zonenepa, zosalala, popanda ndi imodzi yomwe ya thonje.

"Azakhali, nanga izi sizikudwala bwanji?"

"Zidwale chiyani? Zimadya bwino, sizipita ku bwalo, palibe amazinenera," anatero akupukuta manja pachitenje. "Ukawauze a mkulu wa mpingo kuti nkhosa zawo zotayika zili bwino."

Sindinakawauze, koma zidakwa zinawauza. Zinkadutsa dala panjira ya kudziwe kwathu, n'kuvula zipewa mwaulemu n'kufunsa kuti, "Wawa akuluakulu, maliro a lero ndi angati?" Kale sakanayerekeza. Koma anali matipate, munthu ukamuopseza ankangoti ndi ufulu wake. Ndinawaona abambo akuonda. Chimene chinkawadya sichinali ndiwo ayi, koma mawu aja analankhula m'tchalitchi.

Alangizi atabweranso, ndinawakokera pambali n'kuwatengera kumunsi. Anayang'ana m'dzenjemo nthawi yaitali, anagwira nsomba imodzi n'kuitembenuza, ananunkhiza masese, kenaka anapempha chipanda chimodzi cha mowa weniweniwo, ati n'cha kafukufuku. Anali Mkatolika, iwo alibe nazo mlandu. Atapukuta pakamwa tinakwera kukawapeza abambo atakhala pamphepete pa dziwe lawo ngati namfedwa.

"Bambo," anatero alangizi, "ine sindinama, zimenezi ndinangozimvako ku maphunziro, sindinaziyesepo. Ati m'mimba mwa nsomba, ngakhalenso mwa inu ndi ine, mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tina n'toipa, tina n'tabwino. Chakudya chimene chawira n'kusasa chimabwera ndi tabwinoto tambirimbiri. Tikachuluka m'mimba, toipa timasowa pokhala, nsomba imagaya bwino chakudya, thupi limalimba, ndipo matenda akabwera imalimbana nawo. Kumayiko kwina ati amagulitsa tizilomboto m'mapaketi, n'kumasakaniza ndi chakudya cha nsomba. Kuno paketi yake ndi alongo anu aja."

Abambo anawayang'ana kuyambira kunsapato. "Mukuti m'mimba mwanga muli zilombo?"

"Zambiri, bambo."

"Zina za uku, zina za uku, zikulimbirana malo?"

"Eya."

"Ndiye kuti matipatewa afika mpaka m'matumbo," anatero abambo, n'kulavula. "Dziko latha basi."

Alangizi anaseka, koma anabwereza kuti ngati akufuna nsomba zotsalazo zione mwezi wa Ogasiti, ayese kuzipatsa masese pang'ono tsiku lililonse, osachulutsa kuopa kuononga madzi. Abambo anati masese a mowa sadzalowa m'dziwe lopemphereredwa iwo ali moyo. Alangizi anakwera njinga yawo n'kutsetsereka, akukwekweretsa nsapato pansi kuti aime pa mlatho.

Masiku atatu abambo sanalankhule za nsomba. Tsiku lachinayi anatiitana ine ndi amayi, nkhope ili ngwee ngati munthu wotola chikwanje panjira. Anali atapeza njira. Masese a alongo awo ayi, amenewo ndi a mowa. Koma thobwa si lololedwa kodi? Iwo aphika thobwa la nsomba: gaga, chimera ndi madzi, mu mgolo, kuseri kwa nkhokwe. Amayi anafunsa kuti nanga poti alangizi anati liyenera kusasa, ligona masiku angati? Abambo anati masiku amawerengedwa kwa munthu wobatizidwa, nsomba ilibe kalata ya mpingo.

"Inu abambo, mapanga awiri avumbwitsa," anatero amayi. "Ine manja anga musawalowetsemo."

Ndiye anaphika okha. Munthu amene moyo wake wonse anali asanaphikepo ndi tiyi yemwe. Zimene zinatuluka mu mgolo muja patapita masiku anayi sindingazitchule thobwa, kapena mowa, kapena chilichonse chimene chili ndi dzina. Zinachita nkhungu yakuda pamwamba, fungo lake nkhuku zinasamuka. Anayesanso kachiwiri, zinaola chimodzimodzi. Ine ndi amene ndinkakataya n'kutsuka mgolo, ndikutukwana chamumtima mawu oti mwana wa mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Nsomba zinali zitatsala mwina theka.

Loweruka lina masana abambo anati ndiwaperekeze kukaona malire a dimba. Malire ake tinawapitirira, n'kumangotsika, mpaka tinafika pa mpanda wa azakhali. Abambo anaima kunja kwa mpandawo, atafulatira, akuyang'ana phiri ngati aliona koyamba. Azakhali anali pa mtondo akusinja chimera. Anatiyang'ana, sanasiye kusinja.

"Uwafunse," anatero abambo kwa ine, "kuti munthu akafuna kuti gaga asase osaola, amatani."

"Azakhali, akuti..."

"Ndamva, makutu sanadulidwe," anatero azakhali. "Uwafunse kuti chimera amathira phala lili lotentha bwanji."

"Uwauze kuti likuwira," anatero abambo.

"Ha! Uwauze kuti akupha chimera. Phala lizizire kaye mpaka chala chizikhalamo osathawa. Mgolo autsuke ndi madzi otentha, auvundikire ndi thumba, asamausuzumire ngati mpongozi. Ndipo popanda mbewu sichingawire bwino msanga."

"Mbewu yanji?" Apa abambo anaiwala, anafunsa okha.

Azakhali anasiya munsi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chipanda cha masese a dzulo lake, akuchitabe thovu. Sanandipatse ine. Anazungulira mpanda n'kukaima pamaso pa mchimwene wawo, dzanja lili chotambasula. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi. Abambo anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kulandira chipandacho ndi manja awiri, monga ankalandirira mbale ya timakapu ija. Anachibisa m'kati mwa malaya, ndipo tinakwera mtunda, iwo akununkha ngati chidakwa cha pa Chisepo tsiku la msika.

Ulendo uno zinatheka. Mgolo unayamba kulira pansipansi, fungo lake lowawasa bwino, ndipo abambo ankatunga kachitini kamodzi m'mawa n'kusakaniza ndi gaga wouma. Sabata yoyamba nsomba zinafabe zingapo. Yachiwiri zinayamba kubwera pamwamba kudzalimbirana chakudya. Pofika kumapeto kwa Ogasiti thonje lija linali litatha, dengu la maliro lili pakhoma. Kaya ndi tizilombo tabwino tija, kaya n'chifukwa choti kunja kunayamba kufunda, ine sindidziwa, ndipo alangizi nawo anati sangalumbire. Koma abambo anakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo munthu amene uja akakhulupirira chinthu sadziwa kuchita pang'ono. Anagula mgolo wachiwiri. Anayamba kumakambirana ndi azakhali pa mpanda, poyamba za chimera, kenaka za denga lawo lodontha, mpaka tsiku lina ndinawaona atanyamula mitolo ya udzu kutsikira kumunsi.

Chimene anaiwala n'chakuti si iwo okha anali ndi mphuno. Panali mkulu wina wa mpingo, wokhala nawo benchi imodzi kutsogolo, amene anavotera nyali pamene abambo anavotera tambala, ndipo abambo anali atamutchulapo pagulu kuti wosokoneza. Ameneyo anabwera tsiku lina abambo kulibe, ati kudzabwereka nkhwangwa. Nkhwangwa inali pakhonde, koma iye anakaifunira kuseri kwa nkhokwe. Ndinamupeza atavundukula thumba, chala chili mu mgolo. Analawa. Anapukusa mutu mwachisoni n'kulawanso. Kenaka anandipempha kapu, ati nkhani yaikulu chonchi munthu sangaitsimikize ndi chala. Sabata yomweyo kunabwera uthenga woti abambo akaonekere ku bwalo la akulu a mpingo, ndipo ine ndikakhale mboni.

Madzulo a tsiku loti mawa lake ndi mlandu, azakhali anandiitana ndikuchokera kotunga madzi.

"Mawa ukanene kuti migoloyo ndi yanga," anatero. "Ukati ndinasowa malo ndiye ndinaisungitsa kwanu iwo osadziwa bwinobwino. Ine anandidula kale, adzandidulanso pati? Koma aja ukawavula jekete lija, watsala ndi mafupa okhaokha. Sakhalitsa."

Ndinapsa mtima, ndinawafunsa ngati aiwala amene anawanenera. Anati sanaiwale, ndipo sadzaiwala, koma ndikachite zimene anenazo. Ndinakawauza abambo. Anamvetsera akupukuta nsapato zawo.

Bwalo linakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Akulu asanu ndi atatu, abusa pakati, ine pamphasa pafupi ndi chitseko. Abusa anali munthu wofatsa amene ankawakonda abambo, ndipo zinkaoneka kuti akanakonda akanakhala kwina. Mkulu wa nkhwangwa uja anafotokoza zimene anaona ndi zimene analawa. Wina anamufunsa kuti analawa kangati, iye anati funso limenelo ndi landale. Kenaka anakangana nthawi yaitali, ndipo ndikanakhala kuti sindinali ndi mantha ndikanaseka mpaka kugwa. Kodi mowa umene sunamwedwe ndi munthu ndi mowa? Kodi nsomba imaledzera? Nanga mkhristu akadya nsomba yoledzera, wamwa kapena wadya? Mkulu wina wokalamba, amene tinkayesa akugona, anadzuka n'kunena kuti iye anaonapo nkhumba italedzera ndi masese, inkayenda chammbali, n'kugonanso.

Pomaliza abusa anakweza dzanja. Anati lamulo ndi lamulo: chimene chili mu mgolomo chagona masiku opitirira, chikuluma lilime, ndi mowa, ndipo wofulula amadulidwa. Koma anati amva mphekesera yoti mwina migoloyo si ya abambo. Anayang'ana abambo mowachonderera.

"Akulu, tonse tikudziwa amene amafulula m'dambo lija. Ngati zinthuzi zinachokera kumunsi, inu n'kungozisunga mosazindikira, nenani. Tikudzudzulani pang'ono, mukataye, nkhani ithe. Mwana wanuyu akhoza kuchitira umboni."

Maso onse anabwera kwa ine. Bodza ndinali nalo lokonzeka, ndipo ndikanalinena bwino, poti ndine mphunzitsi. Ndisanatsegule pakamwa abambo anaimirira, n'kukonza jekete lawo.

"Mwanayu musamuvutitse. Migolo ndi yanga, ndinagula ndekha. Gaga ndi wanga, chimera ndinamweretsa ndekha, wotakasa ndine. Mlongo wanga anangondiphunzitsa, chifukwa ndinapita ndekha kukamupempha." Anayang'ana mphasa. "Pano ndi pamene ndinaima tsiku lija ndinadzamunenera. Iye ankafululira ana anayi amasiye, amene woyenera kuwadyetsa ndinali ine. Ine ndafululira nsomba. Ngati iye munamudula, ine mukundisungiranji?"

Mkulu wa nkhwangwa uja, amene anabwera atakonzekera nkhondo ya tsiku lonse, anangotsala kukamwa kuli yasa. Abusa anayesa kuwafunsa ngati angalape n'kutaya migoloyo pompo. Abambo anati kulapa alapa zambiri, koma migolo sataya mpaka atakolola, chifukwa nsomba sizinalakwe. Anawadula. Tikutuluka ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, ndipo abambo anandiuza kuti ndisiye kuwachititsa manyazi panjira.

Kunyumba amayi anangoti, "Chaona mnzako chapita." Sanamalize, anakawaikira madzi osamba. Jekete linabwerera pa msomali wake. Lamlungu lotsatira abambo anavala juzi, n'kukakhala benchi yakumbuyo kwenikweni, pakati pa anyamata obwera mochedwa ndi bambo wina wa mitala. Ankaimba mokweza ngati kale, koma akatsokomola palibe mwana ankatembenuka. Zinkandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera. Zaka zonse ndinkanyansidwa ndi kunyada kwawo, koma kuwaona opanda kunyadako kunali ngati kuwaona osavala.

Patapita masabata atatu linafika Lamlungu la mgonero. Kwathu ulaliki ukatha, amene sadya mgonero amatuluka, chitseko n'kutsekedwa. Abambo anali atatsekera anthu chitseko chimenecho kwa zaka zambiri, koma anali asanaonepo kuti kunja kwake kumakhala bwanji. Abusa atalengeza, ndinawaona akuimirira pamodzi ndi ana ndi a mitala aja. Mbale ya timakapu inali m'manja mwa mkulu wa nkhwangwa. Abambo analunjika kuchitseko. Ine mgonero ndinali woyenera kudya, koma ndinanyamuka kumbali ya azimayi n'kuwatsatira, kuopa kuti angakagwe pa masitepe.

Panja ana anabalalika kukasewera, akuluakulu ena analunjika kwawo. Abambo anaima pakhomo osadziwa kolowera, manja akufunafuna matumba a jekete limene sanavale. M'katimo anayamba nyimbo ija amaimba pogawa mkate. Ndiye tinamva mawu ena akuimba nawo chapansipansi, osati m'kati, koma kuseri kwa tchalitchi. Tinazungulira.

Pansi pa mkuyu, pafupi ndi zenera lakumbuyo, panali azakhali. Anali atavala chitenje chawo chatsopano ndi duku yoyera, atakhala pa muzu wa mtengowo, ndipo muzuwo unali wosalala, wonyezimira chifukwa chokhalidwa. Apa m'pamene ndinadziwa kumene ankasowera Lamlungu lililonse la mgonero, zidakwa zikugogoda pachitseko chawo. Ankabwera chitseko chikatsekedwa, n'kuchoka chisanatsegulidwe. Zaka zisanu ndi zinayi, ndipo palibe wa m'katimo anadziwa, chifukwa tonse tinali m'kati.

Abambo anaima chiimire. Ndinaona chibwano chawo chija chikugwedera, misozi ikutsikira m'juzi, osaipukuta. Kenaka anapinda maondo kuti akhale pansi pomwe anaimapo, pafumbi.

Azakhali anasiya kuimba, n'kusendera kumapeto kwa muzu uja.

"Pamenepo ayi, achimwene, pali nyerere zoluma," anatero, akupukuta malowo ndi dzanja. "Khalani apa. Apa m'pamene pamamveka bwino."